Mphindi Zisanu Zopumira

Amalume anga ali ndi malo awo oima. Akanyamuka m'mawa kunyumba kwawo ku St Mary's, mu Chitungwiza muno, kupita kumashopu a pa Chigovanyika, sadutsa pa mtengo wina wamagetsi wa pamphambano osaimapo. Amaima, n'kufumbata chibakera, n'kuchitsamiritsa pakati pachifuwa, maso ali kumbali. Wodutsa akawalonjera amangogwedeza mutu. Pakapita kanthawi dzanja lija amalitsitsa, ulendo n'kupitirira, ndipo kuchokera pamenepo kayendedwe kawo kamasintha. Amafika kumashopu, amabwerako atanyamula ufa ndi botolo la mafuta, mtunda woposa uja unawaimitsa, koma pachifuwa pali zii. Tsiku limene ndinatsagana nawo n'kudzionera ndekha ndinati, "Malume, pachifuwapa tikapaonetse kwa adokotala." Anaseka. "Nabanda, mtima wa nkhalamba umafuna kuudzutsa kaye. Ukadzuka basi, tsiku lonse ndi lako. Sukuona mmene ndikupondera?"

Kukana kwawo sikunandidabwitse. Akuluakulu athu a kuno, amene anakulira m'mafamu ndi m'migodi, kuchipatala amapitako atagwa. Chimene chinandisowetsa mtendere n'chakuti m'mawu awowo munali choonadi, ndipo ine ndinkachidziwa. Ululu umene umawaimitsa ndi wa mtima woperewedwa magazi: mitsempha yodyetsa mnofu wa mtimawo yachepa njira, ndiye akafulumira kuyenda mtima umafuna mpweya woposa umene ukufika. Madokotala a mtima amadziwa kuti munthu wotere akapuma pang'ono n'kuyambiranso, kawirikawiri ulendo wachiwiri amapita patali ululu usanabwere. Si za m'maganizo chabe ayi. Akamuyendetsa pamakina oyezera, mizere ya ECG nayo imachedwa kusonyeza kuti magazi akuperewera. Mtima umene wangolawa njala pang'ono umapirira njala yotsatira kuposa umene sunailawe. Nanga zimenezi ndikanawauza bwanji amalume osawapatsa chifukwa china chokanira chipatala? Ndinangokhala chete. Tinafika kumashopu, tinagula ufa.

Izi ndimazidziwa chifukwa cha ntchito yanga. Ndine namwino wogonetsa odwala ku fiyeta. Pamakina athu pamakhala kathanki kachitsulo, timangoti vaporiser, kokhala ndi chopotokola pamwamba, ndipo mkati mwake timathiramo mankhwala amadzi amene amasanduka nthunzi n'kusakanikirana ndi mpweya umene wodwala akupuma. Botolo lililonse lili ndi mtundu wake kuti dzanja lotopa lisalakwitse: isoflurane ndi wa pepo, sevoflurane wachikasu, ndipo halothane, amene anagoneka makolo athu ambiri kuno ngakhale kumudzi, ndi wofiira. Wodwala akagona ndi jakisoni wa mumtsempha, paipi yopumira italowa kukhosi, ndimapotokola mpaka pa 1 kapena kupitirirako pang'ono. Fungo la isoflurane ndi lobaya m'mphuno, ukalimva kamodzi suliiwala. Kathumba kopumira kamafufuma n'kuphwa, kufufuma n'kuphwa, makina akulira motsatira kugunda kwa mtima, ndipo dokotala wa opaleshoni amandiyang'ana kudikira kuti ndigwedeze mutu. Ntchito ya chopotokolacho imene tonse tinaphunzitsidwa ndi imodzi: munthu asamve mpeni, asadzuke ntchito ili mkati. Zoti nthunzi yomweyo ili ndi zochita zakenso ndi mtima ndinazipeza ndikuwerengera mayeso, ndipo mpaka lero sizinandichoke m'mutu.

Nkhani yake inayambira pa agalu. Mu 1986, ku Duke University ku America, Charles Murry, amene panthawiyo anali adakali pasukulu, pamodzi ndi aphunzitsi ake Robert Jennings ndi Keith Reimer, anatenga agalu ogonekedwa n'kumanga mtsempha umodzi wodyetsa mtima kwa mphindi 5, n'kumasula kwa mphindi 5, n'kumanganso, mpaka kanayi. Kenako anaumanga kwa mphindi 40 zathunthu, nthawi yokwanira kupha mnofu. Agalu ena anangowamanga mphindi 40 zokhazo, osayamba ndi zifupizifupi zija. Mwa nzeru za tonsefe, gulu loyamba ndilo likanavulala kwambiri, poti linamanidwa magazi mphindi 60 pamene linzake 40 zokha. Zinatuluka mosemphana. Mwa agalu osakonzekeretsedwa, pafupifupi magawo 29 pa 100 alionse a mnofu umene unali pangozi anafa. Mwa amene anayamba alawako, anafa magawo 7 okha. Manambala amenewa ndimawabwerezabwereza chifukwa m'zachipatala sikawirikawiri kuona kusiyana kotere, ndipo apa panalibe mankhwala oteteza amene anaperekedwa. Mtima unadziteteza wokha utangochenjezedwa.

Patapita zaka 11, mu 1997, Judy Kersten, David Warltier ndi anzawo a ku Medical College of Wisconsin, mumzinda wa Milwaukee, anasonyeza kuti chenjezo limeneli likhoza kuufika mtima popanda kumanga mtsempha. Anakoketsa agalu mpweya wa isoflurane, n'kutseka, n'kudikira mphindi 30 kuti nthunziyo ituluke m'thupi, ndiyeno n'kumanga mtsempha kwa ola lathunthu. Mnofu wakufa unachepa pafupifupi ndi theka. Mankhwala anali atapita, koma mtima unali ukukumbukirabe. Chaka chomwecho magulu ena awiri ku America komweko anapeza zofanana pa akalulu. Chondichititsa chidwi n'chakuti isoflurane yemweyu m'zaka za m'ma 1980 ankaopedwa pa odwala mtima. Sebastian Reiz wa ku Sweden analemba mu 1983 kuti mankhwalawa amatsegula kwambiri mitsempha ya mtima, moti magazi angathawe mbali yodwala n'kupita kumene njira ili yotakasuka, ndipo ogonetsa ambiri anayamba kumupewa. Amene ankamunena kuti amaba magazi a mtima ndi yemweyo amene anadzapezeka akuulondera.

Chimachitika n'chiyani mkatimo? Chimene chinanditengera nthawi kuti ndichimvetse n'chakuti mnofu wa mtima sufa ndi njala yokha. Wina umafa pa nthawi imene magazi akubwerera. Selo likamanidwa mpweya limadzaza asidi, ndipo sodiyamu ndi kashiyamu amalowa mopyola muyeso. Magazi akabwerera mwadzidzidzi, okosijeni amafikira pa timagawo ta m'selo totchedwa mitochondria, momwe mumapangidwa mphamvu yogundira mtima, ndipo timagawoti, poti tasokonezeka kale, timatulutsa tizinthu towononga tochokera ku okosijeni yemweyo. Pakhungu lamkati la mitochondria pali kabowo kamene kamayenera kukhala kotseka. Kashiyamu wochuluka ndi tizinthu towononga tija zikakumana m'mphindi zoyambirira magazi atabwerera, kabowoko kamatseguka, mitochondria imatupa n'kuleka kupanga mphamvu, selo n'kufa. Ndiye kuti potsegula mtsempha wotsekeka timamupulumutsa munthu kwinaku tikumuvulaza pang'ono, ndipo palibe kuchitira mwina, chifukwa ukapanda kutsegula mnofu wonsewo upita.

Isoflurane ndi sevoflurane amaisokoneza mitochondria pang'ono chabe, mokwanira kuti itulutse tizinthu towononga tija tochepa, tosapha. Tochepa timeneti selo limatimva ngati uthenga. Limadzutsa mapuloteni ake otumikira, wodziwika kwambiri ndi protein kinase C, ndipo awa amatsegula tinjira ta potaziyamu totchedwa K-ATP, pa mitochondria ndi pakhungu la selo. Njala yeniyeni ikadzafika, mitochondria simeza kashiyamu wambiri ndipo kabowo koopsa kaja kamachedwa kutseguka. Chitetezochi sichikhalitsa, chimatha pakapita ola limodzi kapena awiri. Koma mu 1993 gulu la Derek Yellon ku London, iyeyo wobadwira ku South Africa, komanso gulu lina ku Osaka, anapeza kuti mtima umene unamanidwa magazi pang'ono umayambiranso kudziteteza patatha tsiku limodzi. Pambuyo pake zinaoneka kuti chitetezo chachiwirichi, ngakhale n'chofookerapo, chimafika masiku atatu, chifukwa apa selo limakhala litapanga mapuloteni atsopano.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi ndinalimba mtima n'kuwafotokozera amalume za agalu aja. Anamvetsera mpaka tiyi kuzizira m'kapu, ndiyeno anati, "Zimenezo ife tinkachita ku Mvurwi, pa nazale ya fodya." Iwo anagwira ntchito m'mafamu a fodya kuyambira ali mnyamata mpaka mafamu atasintha eni m'ma 2000. Anandifotokozera kuti mbande zikatsala pang'ono kuwokeredwa amazimana madzi dala kuti zikhwime, tsinde lilimbe, zikakakumana ndi dzuwa la Okutobala zisakafe. Mbande yoleredwa ndi madzi tsiku ndi tsiku imakongola pa bedi, koma kumunda sichedwa kugwa. Ndinafunsa, "Nanga mumazimana mpaka liti, malume?" Apa nkhope yawo inasintha, anayankha ngati kapitawo ali pantchito. Anati umalawirira m'mawa kukaziona, ndipo zikafota dzuwa lisanakwere ndiye kuti wapyola, uzithirire msanga. Anati madzulo oti mawa muzula, bedi lonse umalikhutitsa madzi. Anatinso mbande ngakhale ikhwime bwanji, ukaiwokera mvula n'kukana, imafa basi. Kukhwimako kumangoithandiza kudikira masiku angapo. Sindinawonjezerepo zambiri. Ndinangoti, "Ndiye pamtengo wamagetsi paja, malume, mbande ikufota dzuwa lisanakwere." Sabata yotsatira analola kukajambulidwa ECG. Tsopano amamwa aspirin ndi mapiritsi a BP, ndipo m'thumba la shati mumakhala kabotolo ka mapiritsi oika kunsi kwa lilime.

Koma nkhaniyi inandisiyira china chimene sichikhudza amalume okha. Ife a kuno timakonda kunena kuti mavuto anatikhwimitsa, ndipo tili ndi ponenera. Agogo athu anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ena wapansi kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi kudzafuna ntchito. Ana awo anabadwira m'makomboni a mafamu ndi migodi, akutchedwa maina amene sindifuna kuwalemba pano. Ife tinaona 2008, ndalama itasanduka mapepala, matenda a kolera atabuka mu Chitungwiza muno mwezi wa Ogasiti n'kufalikira dziko lonse. Pamaliro, pamsonkhano wa sosaite, pamzere wa pamjigo, mawu ake ndi omwewo: tinazolowera, ife ndife olimba. Munthu ukangomva za agalu a Murry umaona ngati sayansi yatiikira umboni. Koma lipoti lomwelo lili ndi gawo lina limene silitchulidwa kawirikawiri. Anayesanso kumanga mtsempha kwa maola 3 m'malo mwa mphindi 40. Apa panalibe kusiyana: mtima wokonzekeretsedwa ndi wosakonzekeretsedwa, mnofu unafa mofanana. Kukonzekeretsa kumangochedwetsa imfa ya mnofu, sikuiletsa. Magazi akapanda kubwerera nthawi yake, zonse zija zapita pachabe.

Ndimaganiziranso mphindi 5 zomasula zija. Posimba nkhaniyi timatsindika za kumanga, chonsecho theka la njira yonseyo ndi kumasula. Mukachotsapo kumasulako chotsala ndi ola lathunthu la kumanidwa basi, ndipo mnofu umafa wochuluka. Kumanidwa kumene kumateteza n'kwakufupi, n'koyezedwa, kuli ndi malire, ndipo pambali pamakhala munthu ndi wotchi m'manja. Mavuto ambiri amene anthu a kwathu amati anawakhwimitsa sanali otero. Panalibe wa wotchi, panalibe womasula. Ndikamayendera odwala pa wodi madzulo oti mawa alowa ku fiyeta, ndimakumana ndi amayi amene asenza zigubu zamadzi zaka zosawerengeka, BP ili pamwamba, miyendo yotupa, ndipo amandiuza kuti, "Anesi, musandidere nkhawa, ine ndinazolowera." Ndimawamwetulira, koma mumtima simukhala kunyadira. Ndikafunyulula pepala la ECG ndimaona mizere italiitali ya mtima wokula, wa makoma okhuthala, wotopa. Zonse zimene anapirira zinalembedwa pamenepo, ndipo ine ndiyenera kuziwerengera mawa posankha kuchuluka kwa mankhwala amene mtima umenewu ungawanyamule.

Ngakhale m'malabotale momwemo chitetezochi chimasankha. Pa nyama zokalamba chimafooka. Shuga akakwera m'magazi chimafookanso; gulu la Kersten lomwelo linasonyeza zimenezi pa agalu. Pa anthu, kafukufuku wa mu 1995 anapeza kuti amene anamvako ululu wa pachifuwa mtsempha usanatsekekeretu, nthawi zambiri mnofu wawo unkafa wochepa. Koma ofufuza a ku Italy ndi ku Japan atayang'ana okalamba ndi odwala shuga paokha, mwayi umenewu sunaonekenso bwino. Amene akuchifuna kwambiri chitetezochi ndi amene chimawathawa. Palinso glibenclamide, kapiritsi kakang'ono ka shuga kamene anthu ambiri mu Zengeza, mu Seke ndi mu St Mary's amamwa m'mawa uliwonse. Kamagwira ntchito potseka tinjira ta K-ATP m'kapamba kuti insulini ituluke, koma tinjira ta mtundu womwewo tilinso mumtima, ndipo ku Milwaukee kuja ndi mankhwala omwewa amene anafafaniza chitetezo cha isoflurane pa agalu. Sindikuti wina asiye mapiritsi ake. Shuga wolekerera amawononga mtima, impso ndi maso kuposa apa. Ndikungonena kuti ndikaona dzina limeneli pa khadi la wodwala, sindiyembekezera kuti nthunzi yanga imuchitira chozizwitsa.

Ndiye pali funso limene wogonetsa aliyense ayenera kuliyang'ana m'maso: kodi zimenezi zimapulumutsa anthu, kapena agalu ndi akalulu okha? Poyamba zinkalimbitsa mtima. Ku Antwerp, ku Belgium, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Stefan De Hert ndi anzake anayerekeza odwala a opaleshoni ya bypass, yolumikiza mtsempha watsopano kulambalala wotsekekawo. Ena anawagoneka ndi sevoflurane, ena ndi propofol, mankhwala oyera aja a mumtsempha. A sevoflurane mitima yawo inkapopa bwinoko opaleshoni itatha, ndipo troponin, puloteni imene imatayikira m'magazi mnofu wa mtima ukavulala, inali yochepa. Mu 2007 malangizo a mabungwe a madokotala a mtima ku America anafika pomati ndi bwino kusankha mankhwala a nthunzi pa odwala amene mtima wawo uli pangozi. Kenako kunabwera kafukufuku wamkulu wotchedwa MYRIAD, wotsogozedwa ndi Giovanni Landoni wa ku Milan, amene anatuluka mu 2019: odwala 5,400 m'maiko 13. Patatha chaka, omwalira anali 2.8 pa 100 alionse mbali ya nthunzi, ndi 3.0 pa 100 mbali ya mumtsempha. Kusiyana kotere n'kosawerengeka, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa ali pa theka la chiwerengero chimene ankafuna, chifukwa zinaoneka kuti kupitiriza sikusintha kanthu.

Zinandiwawa, sindibisa. Ndinkafuna kuti chopotokola changa chikhale ndi mphamvu imeneyo. Zifukwa zimaperekedwa, ndipo n'zomveka. Agalu aja anali athanzi, osamwa mankhwala ena, pamene wodwala weniweni ndi wokalamba, wa shuga, wa BP. Morphine ndi anzake, amene aliyense amalandira pa opaleshoni ya mtima, nawonso amauteteza mtima m'njira yofanana, ndiye magulu onse awiri anali ndi chitetezo kale. Ambiri a gulu la nthunzi analandiranso propofol pogonekedwa. Komanso opaleshoni yotereyi masiku ano ndi yosamalika moti imfa n'zochepa kale, malo oti chatsopano chionekere ndi opanikiza. Zonsezi zikhoza kukhala zoona, komabe sizindipatsa chilolezo chouza wodwala kuti isoflurane apulumutsa mtima wake. Chimene ndingaime nacho n'chimene ogonetsa akale ankachidziwa asanamve za mitochondria: BP isagwe, mtima usathamange, chifukwa mnofu wake umamwa magazi pa kamphindi kamene ukupuma pakati pa kugunda kuwiri, magazi otayika abwezeredwe, wodwala asazizidwe, asadzuke ndi ululu. Nthunzi yomweyo imene imachenjeza mitochondria ikachuluka imagwetsa BP, ndipo mtima wa nkhalamba ukhoza kuvulala ndi dzanja lomwelo limene limafuna kuuteteza.

Komabe chilipo chimene kafukufuku wamkuluyo sanandilande, ndipo ndi chimene ndimabwererako ndikakhala ndekha kumutu kwa wodwala, opaleshoni ikuyenda bwino, m'chipinda muli phee. M'labotale zinaoneka poyera kuti mtima sufunikira ululu kuti ukonzekere. Ululu wa amalume ndi nthunzi ya m'botolo la pepo zimadzutsa mapuloteni amodzimodzi m'selo, koma china chimadza ndi ngozi ya imfa pamene china chimadza munthu ali mtulo. Kwa ine ichi n'chachikulu. Tinakula tikuuzidwa kuti mankhwala osawawa sachiza, kuti mwamuna salira, kuti mwana wosavutika sadzakhala munthu. Ndaonapo abambo akukana jakisoni wa ululu atatuluka ku fiyeta, ati kupirira ndiko kuchira msanga, mano atawaluma, pamene ine ndikuona pamakina kuti ululuwo ukuthamangitsa mtima wawo ndi kukweza BP. Ndimakhala nawo pansi n'kuwachonderera, "Bambo, lolani ndikubayeni, mtima wanu upume." Ena amalola, ena ayi. Sindinyoza kupirira kwawo, chifukwa ndi kumene kunatilera tonsefe. Koma selo la mtima silifunsa kuti mwini wake wazunzika motani. Chimene limamva ndi kachizindikiro kakang'ono, kofika nthawi yake, kotsatidwa ndi magazi.

Kuno kwathu opaleshoni yotsegula mtima si ya tsiku ndi tsiku. Ku chipatala cha Parirenyatwa inayambiranso mu 2023 itaima kwa zaka zingapo, ndipo ambiri ofika patebulo limenelo ndi a mavavu owonongeka ndi ana obadwa ndi vuto la mtima. Odwala anga ambiri ndi amayi a siza, obayidwa pamsana, amene vaporiser saiyandikira n'komwe. Choncho kwa munthu wa ku Chitungwiza nkhani yochedwetsa imfa ya mnofu siibwera ku fiyeta kwenikweni. Imabwera usiku, kunyumba, mtsempha wa mtima utatsekeka, thukuta lili kamukamu, ana akugogoda kwa aneba kufuna galimoto. N'chifukwa chake maso anga tsopano ali pa nthambi ina ya nkhani yomweyi. Mu 1993 Karin Przyklenk anapeza kuti kumana magazi mbali imodzi ya mtima kumatetezanso mbali ina, ndipo pambuyo pake zinaoneka kuti ngakhale mkono ukhoza kutumiza chenjezolo: lamba woyezera BP, kumupopa mpaka magazi aime kwa mphindi 5, kumumasula mphindi 5, kanayi. Ku Aarhus, ku Denmark, Hans Erik Bøtker ndi anzake anazichitira mu ambulansi momwe, ndipo lipoti lawo la 2010 linasonyeza mnofu wochulukirapo ukupulumuka. Kafukufuku wamkulu wa ku Ulaya wa 2019, wa odwala oposa 5,000, sanapeze phindu. Koma odwala amenewo ankafika msanga pamalo otsegula mtsempha ndi waya, ndipo omwalira anali ochepa kale. Ku Mauritius, kumene odwala oposa 500 analandira streptokinase, mankhwala osungunula magazi oundana, monga zimakhalira m'zipatala zambiri za mu Africa, lipoti la 2015 linasonyeza kuti a lamba uja mitima yawo inavulala mocheperapo. Pa chifukwa chimenechi Mpiko Ntsekhe ndi anzake a ku University of Cape Town, pamodzi ndi Derek Hausenloy ndi Yellon yemwe uja, anakonza kafukufuku wotchedwa RIC-AFRICA, woyesa lambayu pa odwala a ku South Africa, Kenya, Uganda ndi Sudan, amene amafika kuchipatala mochedwa komanso ali pangozi yaikulu.

Lamba woyezera BP alipo pafupifupi pakiliniki iliyonse mu Chitungwiza, ndipo palibe namwino wosadziwa kumupopa. Kumanga kanayi, kumasula kanayi, zonse pamodzi ndi mphindi 40, pafupifupi nthawi imene galimoto imatenga kuchoka ku Zengeza kudzera Seke Road kukafika ku Harare. Si chinthu choti munthu achite kunyumba m'malo mothamangira kuchipatala, ndipo sichili m'malangizo amene timatsatira pothandiza odwala mtima. Ngakhale chitadzalowamo, malire ake ndi omwe aja anaoneka pa agalu a maola 3. Pakadali pano ndayamba kufunsa anzanga a ku casualty kuti wodwala wotere amakhala atamva ululu kwa maola angati asanafike pakhomo pawo, ndiponso kuti kuchokera pakhomopo mpaka streptokinase atalowa mumtsempha pamapita mphindi zingati. Tagwirizana kuti tiziwalemba manambalawo m'kabuku.